Ndinapita ku Lilongwe ndi botolo lofiira



Pasukulu yathu, kuseri kwa Mitundu uko, tili ndi chozimitsira moto chimodzi chokha. Ndi botolo lachitsulo lofiira lomwe limakhala pakhoma la chipinda chomwe timachitcha labu, ngakhale kuti theka la chipindacho ndi mosungira makasu ndi mabuku othothoka masamba. Linabwera ndi amene anamanga chipindacho, ndipo chibwerereni palibe analikhudzapo kupatula akangaude.

Ine ndimaphunzitsa Kemisitiri. Chaka chilichonse ndimauza ana kuti moto uli ngati mphika, umakhala pa mafuwa atatu. Fuwa loyamba ndi chinthu choti chiyake, lachiwiri ndi kutentha, lachitatu ndi mpweya wa okosijeni. Ukachotsa fuwa limodzi, mphika wagwa. Ndikatero ndimaloza botolo lija n'kunena kuti ntchito yake ndi imeneyo. Teremu ino mtsikana wina wa Fomu 3, wamafunso ngati loya, anakweza dzanja.

"Madamu, limeneli likugwira ntchito?"

Ndinapita kukaliyang'ana. Pakhosi pake pali kawotchi kokhala ndi muvi, ndipo muviwo umayenera kuloza pobiriwira. Unali utagona pofiira. Kapepala kosonyeza tsiku lomwe linayesedwa komaliza kanali ndi chaka chimene mtsikanayo anali adakali ku pulayimale. Ndinachita manyazi ngati ndagwidwa ndikubera mayeso. Nkhani inafika kwa ahedi, kenako ku komiti ya makolo, komwe inatha misonkhano iwiri ikulimbana ndi choko ndi malata a chimbudzi. Pamapeto pake ndalama yokalidzazitsira inapezeka, ndipo poti ndine ndinayambitsa, ndinenso ndinasenza.

Lachisanu m'mamawa ndinaliika m'thumba la feteleza n'kukwera minibasi. Kondakitala anasuzumira m'thumbamo nati, "Amayi, bomba limeneli lilipira mpando wake." Tinakangana mtunda wautali ndithu, mpaka tinagwirizana kuti ndilifukate pamiyendo ngati mwana.

Amene anatsikirapo mudepoti ya ku Old Town mwezi wa Okutobala akudziwa mmene kumakhalira. Dzuwa limakhala laswa kale mtengo 8 koloko isanakwane. Ndinapota nkhata, n'kusenza katundu wanga, n'kulowa m'chipwirikiti cha mumsewu wa Malangalanga. Maminibasi atagundana mphuno, njinga zamoto zikulowa paliponse pomwe pali mpata wa chikhatho, mawilibala, oitanira, amayi a tomato, anyamata a kaunjika. Ndadutsamo kambirimbiri, koma ukasenza chozimitsira moto pamutu maso amaona zina. Ndinaona chiwaya cha tchipisi, mafuta ali bwatabwata, pafupi ndi mulu wa matiresi atsopano. Ndinaona nthambo zamagetsi zitalukanalukana pamadenga ngati nyemba zoyanga pachimanga. Ndinadzifunsa kuti galimoto yozimitsa moto itabwera ikulira, anthu onsewa angapatukire kuti, poti kopatukirako kulinso anthu.

Mzindawu moto ukuudziwa. Msika waukulu wa kuno unapsa mu 2016. Zaka ziwiri m'mbuyo mwake, mu 2014, nyumba yosungiramo katundu ya bungwe loyendetsa zisankho inapsa muli mapepala ovotera. Ife aphunzitsi sitiiwala laibulale ya yunivesite ya Mzuzu yomwe inanyeka mu Disembala 2015. Koma m'malo onsewa chinapsa ndi katundu. Wamalonda moto ukabuka amathawa, n'kukalirira katundu wake ali chapatali. Pali malo ena pomwe mwini wake sangathawe, ndipo ndinafikapo nditangoyenda pang'ono kuchoka mudepoti.

Ndinatula katundu wanga pamthunzi pafupi ndi geti la chipatala cha Bwaila kuti khosi lipume. Akuluakulu amachitchabe Botomu, dzina la nthawi ya atsamunda, pomwe azungu anali ndi chipatala chawo cha kumtunda, ife chathu cha kumunsi. Nyumba yatsopano ya amayi oyembekezera inatsegulidwa mu 2009 ndi thandizo la bungwe la Rose Project la ku Ireland, ndipo pamalopa pamabadwa ana oposa 15,000 pachaka. Ndinawerengetsa chamumtima, ndiwo ana oposa 40 patsiku, kalasi yathunthu ya ku sekondale ya boma yosathithikana. Sindinalowe, ndinalibe wodwala kumeneko. Ndinangoima n'kumaona amayi akulowa ndi kutuluka, wina beseni pamutu, wina fulasiki m'manja, wina kamtolo ka nkhuni, wina bakuli la nsima atalimanga m'kansalu. Amenewa ndi magadiyani, odikirira odwala. Ndinawazindikira chifukwa inenso ndinakhalapo mmodzi wa iwo, ndipo chimene chinandichitikira ndicho chinandichititsa kuumirira pa misonkhano iwiri ija.

Zinachitikira kutali ndi Lilongwe, pachipatala china cha boma m'boma lomwe mng'ono wanga anakwatiwako. Dzina lake ndilisunga, chifukwa zomwe ndinaonazo si za chipatala chimodzi. Mu 2022, nthawi ya dzinja, mng'ono wangayo anachira kudzera ku fiyeta, ndipo ine ndinapempha masiku kusukulu kuti ndikamudikirire. Wodi inali yodzaza. Odwala pamabedi, ife magadiyani pansi, titayala zitenje m'mipata ya mabedi ndi m'njira momwe. Namwino usiku umenewo anali mmodzi.

Pakati pa usiku magetsi anathima ndipo jenereta inachedwa kulira. Mayi wina, pofuna kuona chomwe chimaliritsa khanda, anayatsa kandulo n'kumata pakakabati ka pambali pa bedi. Tulo n'tankhanza, anasinza. Ine chinandidzutsa ndi fungo, kenako mfuu: "Moto! Moto!" Neti inali itagwira. Neti siyaka ngati udzu, imasungunuka n'kumadontha timadontho tamoto, ndipo timadonthoto tinayatsa chitenje ndi ngodya ya matiresi. Anthu onse anakhamukira kukhomo lomwe tinalowera, mumdima, akupondana ndi kugwetsa mabeseni. Ine ndinakumbukira kuti kufupi ndi bedi la mng'ono wanga kunali chitseko china, ndipo ndinathamangirako. Ndinapeza unyolo ndi loko. M'mazenera munali zitsulo. Pakhoma panali chitsulo chokolekapo chozimitsira moto, koma chomwe chinakolekedwapo linali jumbo la munthu. Mng'ono wanga anali ndi diripi pamkono, bala la tsiku limodzi pamimba, ndipo ngakhale kukhala tsonga sakanatha. Anangonena kuti, "Achemwali, tengani mwanayu muzipita."

Anazimitsa motowo ndi gogo wina wa kumudzi yemwe anabwera kudzadikirira mdzukulu wake. Anatenga zitenje zomwe ananyika m'beseni kuti achape mmawa, n'kuvundikira pamatiresi paja, n'kutsindira ndi manja ake. Mphindi ziwiri sizinakwane. Palibe anavulala kupatula gogoyo, amene anatupa matuza m'zala. Kutacha mayi wa kandulo uja anakalipiridwa, matiresi anatulutsidwa, nkhani n'kuthera pomwepo. Tsiku lomwe tinatuluka loko uja anali pomwe paja. Nditafunsa, anati kiyi amasunga alonda a kugeti.

Chimandiwawa mpaka lero n'chakuti ine, wa dipuloma, wophunzitsa za mafuwa atatu, ndinaima n'kumagwedeza unyolo. Gogo amene mwina sanalowepo m'kalasi ndiye anachotsa fuwa lachitatu.

Chaka chomwecho tinamva za ku Senegal. Usiku wa pa 25 Meyi 2022 moto unabuka m'chipinda cha makanda pachipatala cha boma mumzinda wa Tivaouane, ndipo makanda 11 anafa. Akuluakulu a kumeneko anati unayamba ndi nthambo zamagetsi, ndipo Pulezidenti Macky Sall anachotsa ntchito nduna ya zaumoyo. Ndipo sitifunika kukafika ku Senegal. Mu Epulo 2018 moto unawononga gawo la amayi ndi ana pachipatala chachikulu cha boma ku Mangochi. Chaona mnzako chapita, mawa chili pa iwe, anatero akale.

Ndinasenzanso katundu wanga n'kuwoloka mlatho wa Lilongwe. Cha kumunsi kumaoneka timilatho tamitengo ta pamsika wa Tsoka, pomwe umalipira kuti uwoloke, ndipo amayi amatsuka kaloti ndi kabichi m'mbali mwa madzi. Malo odzazitsira ndinawapeza ku Area 4, pakati pa magalaja ndi mashopu a zitsulo. Bambo wina wa ovolosi yabuluu analandira botolo lija, nalitembenuza chadodolido, naika khutu.

"Mukumva kanthu, amayi?"

Sindinamve kanthu. Iye anati likakhala labwino umamva ufa ukutsetsereka mkati ngati mchenga, koma lathuli ufa unali utaundana ngati simenti yomwe yagona pachinyezi. Tikanalitsegula pa ngozi likanangotiyang'ana. Anandiuza kuti chozimitsira moto chimafunika kuonedwa ndi amisiri kamodzi pachaka, ndipo anandiphunzitsa kagwiritsidwe kake: kusolola kachitsulo kotsekera, kuloza pansi pomwe moto wagwira osati pamalawi, kufinya chogwirira, n'kumayendetsa uku ndi uku ngati ukusesa. Chomwe chinandidabwitsa ine mwini wa phunziroli n'chakuti botolo lonse lija, lolemera chomwecho, limatha theka la mphindi lisanakwane. Si chozimitsira nyumba yoyaka ayi. Ndi chozimitsira ngodya ya matiresi.

Anandionetsanso la mtundu wina, la mpweya wa kaboni dayokisaidi, lokhala ndi kukamwa kwakukulu ngati lipenga, lomwe ndi loyenera pa makina amagetsi chifukwa silisiya ufa. Madzi pa moto wa magetsi ndi imfa, pa mafuta owira ndi chimodzimodzi. Nditamufunsa kuti amabwera kwambiri ndi ndani, anaseka.

"A mabanki, a mahotela, a mafilingi sitesheni. Amenewo a inshuwalansi amawakakamiza. Enanu mumabwera kukapsa kale."

Anati ndibwerenso 3 koloko. Mpata umenewo ndinali nditaukonzera kale ntchito ziwiri: kukazonda mphunzitsi wathu wakale yemwe anagonekedwa ku Central, ndi kukapereka mtedza kwa malume anga ku Area 10.

Chipatala cha Kamuzu Central chili pakati pa Old Town ndi City Centre, m'mbali mwa msewu wa Mzimba womwe tsopano unakuzidwa. Chinatsegulidwa mu 1977 ndi thandizo la dziko la Denmark, patangopita zaka ziwiri likulu la dziko litasamukira kuno kuchoka ku Zomba. Nthawi imeneyo mzinda unali waung'ono. Lero chipatalachi chimalandira odwala otumizidwa kuchokera m'maboma onse a chigawo chapakati, kuyambira ku Ntcheu mpaka ku Kasungu ndi Nkhotakota. Kusiyana kwake ndi zipatala zathu za m'maboma n'kwakuti ichi n'chosanjikizana. Ndinalowa ndi khamu la nthawi yoona odwala masana, ndipo pokwera masitepe ndinadzipeza ndikuwerenga, chizolowezi choipa cha aphunzitsi. Ndiyenera kunena kuti sindinapite kukayendera, ndine mlendo wodzazonda matenda, ndipo anamwino omwe ndinawapeza anali pakalikiliki moti munthu ungachite manyazi kuwaimitsa. Zomwe ndinkaganiza pamasitepe paja ndi za nyumba iliyonse yosanjikizana yomwe anthu ake agona pamabedi. Moto ukabuka chikepe sakwera, chifukwa magetsi akathima chimakutsekerani pakati pa utsi. Yatsala njira ndi masitepe. Munthu wa pabedi, pamasitepe.

Aphunzitsi athu ndinawapeza atatsamira, timapaipi ta mpweya tili m'mphuno. Ndi amene anandiphunzitsa ine sayansi, ndipo matenda sanawachotsere nthabwala. Nditawafotokozera za bomba langa, analoza timapaipi tija.

"Ndiye ine pano ndagonera fuwa lachitatu," anatero.

Ananena zoona. Mumpweya womwe timapuma, magawo 21 okha mwa 100 ndiwo okosijeni. Wa m'silinda ndi okosijeni pafupifupi yekhayekha. Payekha sayaka, koma akadontha n'kuchuluka m'chipinda, kapena akalowerera m'bulangete ndi m'zovala, chinthu chomwe chikanangofuka chimalilima ngati chathiridwa petulo. Mafuta ndi girizi pakamwa pa silinda n'zoopsa, n'chifukwa chake amaletsa kugwira ndi manja odzola. Mu Epulo 2021, pachipatala cha Ibn al-Khatib ku Baghdad, komwe kunali odwala Covid-19, silinda ya okosijeni inaphulika ndipo anthu oposa 80 anafa. Mliri uja unatisiyira masilinda ndi makina a okosijeni ambiri m'zipatala zathu, chomwe ndi chinthu chabwino kwambiri, anthu akupulumuka nacho. Unatisiyiranso mabotolo a sanitaiza, yemwe ndi sipiriti woyaka. Ndipo tonse tikudziwa kuti soketi imodzi ya muwodi imadyetsa mafoni angati usiku.

Mwezi womwewo wa Epulo 2021 kunapsanso chipatala cha Charlotte Maxeke ku Johannesburg, chomwe abale athu ambiri a ku Joni akuchidziwa. Moto unayambira mosungira katundu. Odwala pafupifupi 700 anasamutsidwira ku zipatala zina, ndipo magawo ena a chipatalacho anakhala otseka kwa miyezi yambiri. Dziko la galimoto zambiri ndi maambulansi ambiri linavutika chomwecho. Ndinayang'ana pazenera n'kuganiza kuti odwala a chigawo chonse chapakati tingakawagoneke kuti.

Akatswiri a za moto amati m'chipatala samayamba n'kutulutsa anthu panja. Amayamba n'kuwasuntha cham'mbali, kuchoka m'wodi yomwe yagwira kupita m'gawo loyandikana nalo, n'kutseka chitseko pakati. Chitseko chotseka chimachedwetsa utsi, ndipo utsi ndi umene umapha anthu ambiri malawi asanawafike, makamaka utsi wa matiresi a siponji. Utsi umakwera m'mwamba, ndiye wothawa amakwawa. Wodwala wosayenda amatsitsidwa pansi ali pamatiresi kapena pabulangete n'kumukoka. Zonsezi si zamakina, ndi za manja. Funso n'lakuti manja ake a ndani, 1 koloko usiku, pomwe anamwino ali awiri kapena mmodzi.

Ndikutuluka ndinacheza ndi mayi wina pakhonde, wochokera ku Dowa, yemwe anali atakhala milungu itatu akudikirira amuna ake. Ankadziwa kotunga madzi, kochapira, nthawi yomwe madokotala amayendera odwala, ngakhale namwino yemwe ali ndi dzanja lofewa pobaya. Ndinamufunsa kuti moto utabuka angatani.

"Iii, amayi inu, musalaule," anatero, nandiyang'ana ngati ndabwera ndi nyanga.

Ndinapepesa. Komatu apa ndi pomwe pagona vuto lina. Kwathu kuno kutchula tsoka kuli ngati kuliitana, ndipo m'chipatala, momwe imfa ili kale pafupi, palibe amafuna kumva za ina.

Kuchoka apo ndinakwera minibasi ya ku City Centre. Ulendo wake ndi waufupi koma umakhala ngati walowa dziko lina. Phokoso limatsalira m'mbuyo, msewu umadutsa m'mitengo ya m'mbali mwa Lingadzi, ndipo mwadzidzidzi pali kapinga, Nyumba ya Malamulo, manda a Kamuzu, nyumba ya Reserve Bank, misewu yotakata yomwe galimoto yozimitsa moto ingathamangemo mopanda woiletsa. M'mabwalo a maofesi ena ndinaona zikwangwani zobiriwira zosonyeza posonkhanira anthu moto ukabuka. Pakhomo la banki ina botolo lofiira linali phuliphuli, muvi uli pobiriwira. Ndinalisuzumira mpaka mlonda anayamba kundiyang'anitsitsa.

Cha kumtunda kuli Capital Hill, komwe kuli maunduna, wa zaumoyo womwe. Lamulo la chitetezo ndi umoyo wa anthu pamalo a ntchito lilipo kuyambira 1997, ndipo limakamba za kupewa moto ndi njira zothawira. Chipatala nachonso ndi malo a ntchito. Sindikufuna kunamizira kuti kusankha n'kophweka. Mkulu wa chipatala amene ndalama yamuperewera, pamaso pake pali mankhwala, mafuta a ambulansi, chakudya cha odwala ndi bilu ya madzi, botolo lofiira adzaliika kumapeto, monga momwe komiti yathu inaliikira kumbuyo kwa choko. Wodwala malungo akufa lero, moto ndi wa tsiku losadziwika. Ndikumvetsa. Koma tiyeneranso kukumbukira kuti ozimitsa moto ali m'manja mwa makhonsolo a mizinda, ndipo maboma ambiri alibe ngakhale galimoto imodzi yozimitsira moto. Kwa chipatala cha kumudzi, amene ali muwodi ndiwo ozimitsa moto, palibenso ena akubwera.

Malume anga ndi mlonda panyumba ina ku Area 10, komwe nyumba zimabisala m'mipanda yanjerwa ndi m'mitengo, ndipo mumsewu umangokumana ndi agalu okuwa kuseri kwa mageti. Tinakhala pakabenchi m'kanyumba kawo ka pageti. Atamva za ulendo wanga anati m'nyumba yomwe amalonderayo muli mabotolo ofiira awiri, lina kukhitchini lina kugalaja, ndi bulangete lozimitsira moto pafupi ndi chitofu. Anthu ogonamo ndi anayi, onse amiyendo yawo.

Kenako ndinawafotokozera za unyolo uja, ndi mkwiyo womwe ndakhala nawo pa mlonda amene sindinamuonepo nkhope. Malume anayamba aswa mtedza n'kutafuna.

"Aphunzitsi, mlonda musamuda. Ine ntchitoyi ndaigwira zaka zambiri, malo osiyanasiyana. Paliponse amandiuza chinthu chimodzi, katundu asatuluke. Sanandiuzepo kuti anthu atuluke bwanji. Chitseko chija chikakhala chotsegula, mawa kwasowa bulangete, kwasowa mankhwala, mwinanso mwana. Afunsa ndani? Ine. Ndiye ndimakhoma, kiyi m'thumba."

Ndinasowa choyankha, chifukwa kuba m'zipatala kulipodi, ndipo loko uja sanaikidwe ndi munthu wankhanza. Anaikidwa ndi munthu amene ankateteza chinthu china. Malume omwewo ndi amene ananena kuti pamalo ena pomwe anagwirapo, kiyi wa chitseko chothawira ankakhala m'kabokosi kagalasi pambali pa chitsekocho. Wofuna kuba ayenera kuswa galasi, ndipo aliyense amva. Wothawa moto aswa ndi chigongono n'kutsegula. Palinso zitseko zomwe kunja sizitseguka koma mkati umangokankha chitsulo chopingasa. Zimenezo n'zodula. Kabokosi kagalasi kalipentala wa pa Mchesi angakhome asanadye nkhomaliro.

Pobwerera ku Area 4 ndinkaganiza za mayi wa ku Dowa uja ndi gogo wa zitenje. Usiku uliwonse m'zipatala zathu mumagona khamu la anthu amphamvu zawo, odziwa kusenza, odziwa moto kuposa ife ophunzira chifukwa amakhala nawo tsiku ndi tsiku. M'mawodi ambiri iwo ndi ochuluka kuposa ogwira ntchito. Timawaona ngati odzaza malo, timawathamangitsa nthawi yokolopa, koma tsiku la ngozi manja aja ndi amenewa. Ndipo mwambo wowaphunzitsa ulipo kale. Ndani sanakhalepo pabenchi mmawa kusikelo kapena kokumana magadiyani, namwino kapena mlangizi wa zaumoyo akuphunzitsa za kusamba m'manja, za kolera, za kuyamwitsa, mpaka nyimbo ndi kuwomba m'manja? Pa phunziro limenelo pangalowe mphindi zisanu: makomo a wodi ino ndi awa, kiyi ali apa, kandulo ndi mbaula muno ayi, magetsi akathima yatsani tochi ya foni, pafupi ndi silinda pasayake kanthu, mukaona utsi kuwani ndipo tsekani chitseko, wodwala wanu mudzamukoka chonchi. Akachita kawiri katatu, sikukhalanso kulaula, kwasanduka ngati za kolera zija. Makomiti a zipatala omwe timasankha m'madera mwathu angathenso kuzungulira kamodzi pamwezi n'kuona ngati muvi uli pobiriwira, ngati m'njira simunaunjikidwe mabedi othyoka, ngati chidebe cha mchenga sichinasanduke motayira makoko a nthochi. Kuwerenga muvi sikulira dipuloma, mwana wa Fomu 3 anandionetsa.

Botolo ndinalipeza litatsukidwa, kapepala katsopano kali pamimba. Bambo uja analitembenuzanso, ndipo ulendo uno ndinamva ufa ukuyenda, waaa. Ndinamuuza kuti Lolemba ndikaonetsa ana mmene limagwirira ntchito. Anagwira mutu.

"Mukangofinya kamodzi, amayi, mubwere nalonso. Mpweya wake umathawa."

Choncho ana aphunzira ndi ndowa ya mchenga ndi chiguduli chonyowa, botolo azingoligwira.

Mudepoti ndinapeza minibasi ina ndi kondakitala wina, koma mlandu wa mpando unali womwewo. Tinafika kwathu kutada. Njira yochokera pamsewu kupita kunyumba za aphunzitsi imadutsa kuseri kwa hositelo ya atsikana, nyumba yomwe makolo anamanga okha kuti ana ochokera kutali asamachite lendi pa tiredingi senta. Mkati munkamveka kuseka, ndipo pazenera limodzi pankaoneka kuwala kogwedezeka komwe si kwa tochi. Mayeso ayandikira, ana akuwerenga. Ndinazungulira kutsogolo ndi katundu wanga pamutu. Mazenera onse ali ndi zitsulo, tinaika tokha chaka chatha anyamata a pamsika atayamba kuvuta. Pachitseko panali loko, wokhomera kunja, monga mwa lamulo lomwe inenso ndinakweza nawo dzanja povomereza. Amatroni amagona kutsidya kwa bwalo la mpira.

Ndinatula botolo pakhonde pomwepo n'kupita kukawagogodera. Anatuluka atafunda chitenje, akudabwa kuti kwagwanji. Usiku umenewo ndinagona kuhositelo, pamphasa pafupi ndi chitseko, kiyi nditamumangirira pamkono. Ahedi akuti nkhaniyi tikaikambe ku komiti Lachitatu.